Kanema Wabwino Amasiya Mlandu Pabwalo

Aliyense amene amakwera minibasi pamsewu wa Great East kuchokera pa boma la Chongwe kulowera ku Lusaka, kapena amene amakhala pa benchi pamsika kudikira kuti ametedwe tsitsi, adzandichitira umboni kuti masiku ano nkhani za makanema zayamba kupikisana ndi nkhani za mvula, za mpira ndi za mtengo wa feteleza. Anyamata amathirirana makanema m'mafoni, amayi amakumbutsana zimene zachitika m'sewero la Mpali pa Zambezi Magic, ndipo funso lakuti "Muli ndi watsopano?" limveka m'mawa ndi madzulo omwe. Koma munthu akafunsa mnzake kuti kanema wakutiwakuti ngwotani, yankho lake silipitirira mawu awiri kapena atatu: "Ngwabwino," "Muli ndeu," "Mukaseka." Ine ndikuti kuyankha kotere n'kumana mnzako, pakuti amene auza mbale wake kuti aonere kanema wamupempha maola awiri a moyo wake, ndalama za bandulo ndi moto wa m'foni umene wausunga movutikira, ndipo wopempha zochuluka chotere ayenera kunena chifukwa chake momveka.

Makolo athu analibe mwayi wosankha umene ife tili nawo. M'masiku a Northern Rhodesia, bungwe la Central African Film Unit, limene lidayamba mu 1948, linkapanga makanema ophunzitsa anthu akuda kalimidwe, ukhondo ndi kusunga ndalama, ndipo magalimoto a boma ankayenda nawo m'midzi, nawaonetsa usiku pa chinsalu chopachikidwa pabwalo. Kumigodi nako anthu ankadzaza mabwalo kukaonera anyamata a pa akavalo a ku America, koma zonsezo zitayamba zapimidwa ndi azungu a boma, amene ankadula mbali zimene ankati munthu wakuda sayenera kuziona. Komabe mayi Hortense Powdermaker, amene adakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 kufufuza za moyo wa kumigodi, adapeza kuti anthuwo sankaonera ali chete: ankafuula, ankatsutsana, namasulira zimene aona monga mwa nzeru zawo. Tsono ngati agogo athu, amene ankasankhiridwa, ankaweruza zimene aona, nanga ife amene tisankha tokha tilekerenji?

Muyeso umene ndipimira kanema ndidautenga kwa mneneri Natani wa m'Baibulo. Pamene mfumu Davide idachimwa, mneneriyo sadayambe ndi kuikalipira, koma adaisimbira nthano ya munthu wolemera amene adalanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi. Mfumu idapsa mtima, nigamula mlandu, ndipo itatha kugamula m'pamene idazindikira kuti yadziweruza yokha. Kanema wabwino agwira ntchito yomweyo. Atikhazika pansi, atiseketsa, atiliritsa, atisiya tiloze chala munthu woipa wa pa chinsalu, ndipo magetsi akayaka tipeza kuti mlandu watsala pabwalo lathu. Ndi muyeso umenewu ndikufuna kutchula makanema anayi amene ndaonera, amene ndikhumba kuti anthu a kuno kwathu awaonere ndi kuwakambirana.

Woyamba ndi I Am Not a Witch wa mu 2017, wolembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Rungano Nyoni, mwana wobadwira ku Lusaka amene adakulira ku Wales. Kanemayu adamupezetsa mphoto ya BAFTA mu 2018. Kamtsikana kosadziwika kwawo, kamene pambuyo pake kapatsidwa dzina lakuti Shula, kapezeka kataima panjira, mayi wina wosenza madzi nagwa atakaona, ndipo kugwa kumeneko kusanduka umboni wakuti n'kamfiti. Kupolisi kubwera bambo wina kudzalumbira kuti mwanayo adamudula mkono ndi nkhwangwa, pamene manja ake onse awiri ali pomwepo, mboniyo ikulozera nawo. Woonera aseka, koma kuseka kwake kuthera m'khosi pamene aona mwanayo atamangidwa nsalu yoyera yaitali kumsana pamodzi ndi amayi okalamba, atauzidwa kuti akaidula asanduka mbuzi, ndiponso pamene aona Bambo Banda, wantchito wa boma, akumuyendetsa uku ndi uku kuti aziloza akuba ndi kuitana mvula, ndalama zikulowa m'thumba la mwini mimba. Ena amati kanemayu anyoza miyambo yathu, koma ine sindiona chomwecho. Ife a ku Chongwe tidziwa ulemu umene umakhalapo pa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II itsogolera Asoli kupempha mvula ndi kudalitsa mbewu. Chimene Nyoni adzudzula ndi munthu amene asandutsa mantha a anthu kukhala malonda, nasenzetsa mwana wamasiye katundu wa chilala. Lamulo la dziko lino, limene lakhalapo kuyambira 1914, liletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Koma ndi midzi ingati m'mene nkhalamba yofiira maso ndi utsi wa nkhuni igona tulo tosadukiza pakamwalira mwana wa pafupi?

Wachiwiri ndi wa Nyoni yemweyo, On Becoming a Guinea Fowl, amene adamupezetsa mphoto ya utsogoleri wabwino m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes mu 2024. Mayi wachitsikana, amene mbali yake aisewera Susan Chardy, akuchokera kuphwando usiku, napeza mtembo wa amalume ake a Fred uli gone pamsewu, ndipo chimene chidabwitsa abale onse n'chakuti iye salira. Zotsatira zake azidziwa aliyense amene adagonapo pa maliro: mipando itulutsidwa, amayi ayala zitenje pansi, olowa alowa chokwawa ndi kubuma, atsikana achezera kukhitchini kuphikira amuna amene akhala panja, ndipo azakhali awerenga misozi ya aliyense. Pang'onopang'ono ziululika kuti malemuyo ankagwirira ana aakazi a m'banjamo, ndi kuti akuluakulu ankadziwa, koma adasankha kukhala chete, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka. M'malo moti mlandu ugwere wochimwa, ugwera mkazi wamasiye, mwana wamng'ono wokhala ndi ana ambiri, amene amunena kuti sankasamala mwamuna wake, namukhalira bwalo lomulanda katundu. Pamenepa woonera akumbuke kuti lamulo la mu 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo lipatsa ana magawo 50 pa 100 alionse, wamasiye 20, makolo 20, ndi ena amene ankadalira malemu 10. Ndipo lidalembedwa chifukwa cha mabwalo onga limeneli. Mbalame ya nkhanga, imene ili m'dzina la kanemayu, ilowa m'nkhaniyi chifukwa ikaona chilombo imalira kuchenjeza zinzake. Kanemayu ngwa akuluakulu, si wa ana. Koma ankhoswe, anamkungwi ndi amayi a m'mabungwe a mipingo akadamuonera pamodzi, mwina ana ena aakazi akadapulumuka.

Wachitatu ndi Can You See Us? wa mu 2022, wotsogoleredwa ndi Kenny Mumba, amene mu 2023 adakhala kanema wamtali woyamba wa ku Zambia kuonetsedwa pa Netflix. Nkhani yake idatengedwa pa moyo wa woimba John Chiti, ndipo isimba za Joseph, mwana wobadwa ndi khungu lachialubino, amene bambo wake womubala amukana, anzake amuthawa ndi kumutonza, ndipo anthu oipa amusaka chifukwa cha bodza lakuti ziwalo za munthu wotere zilemeretsa. Chimene chimudzutsa ndi chikondi cha omulera ndi mphatso ya kuimba. Sindibisa kuti pena kanemayu aumiriza misozi kopitirira muyeso, ndipo nkhani ina ikadafupikitsidwa. Koma mwa anayiwa, uyu ndiye ndingayambe kuuza mphunzitsi kuti aonetse ana okulirapo a sukulu, iye ali pomwepo, popeza chitonzo chimayambira pa bwalo la masewera, ndipo mwana amene walirira Joseph adzachita manyazi kuseka mnzake wa m'kalasi. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nkhani ya wachinayi ichokera kwa abale athu a ku Malawi: The Boy Who Harnessed the Wind wa mu 2019, wotsogoleredwa ndi Chiwetel Ejiofor, wosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene pa njala ya mu 2001 ndi 2002 adachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi, nawerenga mabuku a m'laibulale yaing'ono, napanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola kudzala ndi ziwalo za njinga ya bambo wake. Mbali yaikulu ilankhulidwa m'chinenero chathu, ngakhale kuti khutu la mwini chinenero limva msanga kuti osewera ena adachiphunzira ukulu, mnyamata wosewera William, Maxwell Simba, pokhala wa ku Kenya. Amene adaona chilala cha mu 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka, chimanga chitapserera m'minda, madzi atatsika ku Kariba ndipo magetsi akuzima usana ndi usiku, sadzaonera kanemayu ngati mlendo. Adzazindikira anthu okankhana pa chipata cha msika wa chimanga, banja logawana chakudya kamodzi pa tsiku, ndi bambo wolimbalimba amene ayesa nzeru za mwana wake masewera. Mlandu umene atisiyira ngwakuti: m'midzi yathu ya ku Kanakantapa ndi ku Palabana muli ana angati a nzeru zotere amene takana kuwabwereka njinga?

Ndidziwa chimene ena adzayankha. Adzati munthu wotopa ndi khasu kapena ndi malonda afuna kupumula, safuna ulaliki. Adzatinso makanema otere aulutsa maliseche a mtundu wathu pamaso pa alendo, amene kale lomwe amatiyesa anthu a ufiti ndi njala. Mawu oyambawo ndiwalandira ndi manja awiri, pakuti kuseka ndi mankhwala, ndipo palibe tchimo kuonera nthabwala za ku Nigeria kapena ndeu za ku China. Chimene ndikana n'chakuti zimenezo zikhale chakudya chathu chokha. Koma mawu achiwiriwo ndiwatsutsa. Manyazi a mtundu sali pa chinsalu ayi, ali m'nyumba m'mene mwana wagwiriridwa akuluakulu natseka pakamwa, ndi m'mudzi m'mene agogo athamangitsidwa usiku. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo n'kwabwino kuti atitsine ndi ana athu omwe, odziwa kabumidwe ka maliro athu ndi kalankhulidwe ka azakhali athu, kusiyana ndi kuti atijambule alendo amene adziwa fumbi lathu lokha.

Chimene chindiwawa koposa n'chakuti makanema amenewa afika msanga kutali kuposa pafupi. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lathu lomwe lino, kotero kuti nkhani zathu zinyamukira pakhomo pathu kunka ku Cannes ndi ku London, kumene ziomberedwa m'manja ndi anthu owerenga mawu omasulira pansi pa chithunzi, pamene mayi wa ku Chongwe, amene akadamva liwu lililonse ndi mwambi uliwonse wosamasuliridwa, alibe nyumba ya kanema pafupi, alibe intaneti yokwanira, ndipo mwina sadamvepo ndi dzina lomwe. Ku Chalimbana, kumene aphunzitsi a dziko lino akhala akusulidwa kwa zaka zoposa 80, kuli zipinda zazikulu ndi achinyamata odziwa makina. Masukulu ali ndi maholo, mipingo ili ndi mabenchi, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yolembera eni makanema kupempha chilolezo choonetsa, kuti wantchito alandire mphotho yake, popeza kukopera mwakuba ndiko kumapha luso la ana athu lisanakule. Boma la atsamunda lidatha kufikitsa chinsalu m'midzi pa misewu yoipa kuposa ya lero. Ife eni dziko tisalephere.

Pomwe tikudikira zimenezo, pali chimene aliyense angayambe lero lomwe. Mnzanu akakufunsani za kanema, muuzeni kuti akunena za chiyani popanda kuulula mathero ake. Muuzeni amene adamupanga, kuti dzina la mmisiri lidziwike. Muuzeni ngati ngwoyenera ana kapena ayi. Nenani chimene chidakukondweretsani ndi chimene mudaona kuti chaperewera, pakuti kuyamikira kopanda kudzudzula sikuthandiza wopanga kapena woonera. Ndipo koposa zonse, muitaneni adzaonere nanu, mukatha muzimitse foni, mufunsane kuti wolakwa ndani, akadachita bwanji, ndipo ngati zotere zilipo m'mudzi mwanu mudzachitapo chiyani. Nkhanga zidapangana kusanapse. Ifenso tikambirane milandu imeneyi ikali pa chinsalu, isanafike pa maliro a mwana wathu kapena pa bwalo la mfumu.