Malamulo a AI M'masukulu a ku America: Ayamba Bwino, Koma Sanamalize

Pa 30 November 2022 kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, pulogalamu ya AI yotha kulemba cimangirizo ndi kusova masamu m'kamphindi. Mu January 2023 masukulu a boma a mumzinda wa New York anaitseka pa makompyuta awo, koma pofika May caka comweco anacotsa ciletsoco. Kutseka kompyuta ya kusukulu sikunatseke foni ya mwana kunyumba.

Ku America maphunziro amayendetsedwa makamaka ndi zigawo, ndipo zina mwa izo zasankha njira ina. Mu 2024 cigawo ca Tennessee cinakhazikitsa lamulo lakuti masukulu ndi mayunivesite a boma alembe ndondomeko yofotokoza mmene ophunzira ndi aphunzitsi angagwiritsire nchito AI. Mu 2025 Ohio inalamula dipatimenti yake ya maphunziro kukonza ndondomeko yacitsanzo, ndi kuti masukulu onse a boma akhale ndi yawoyawo pofika pa 1 July 2026. Pa 1 July 2025 maseneta a dzikolo anakana, ndi mavoti 99 kwa 1, ganizo loletsa zigawo kupanga malamulo a AI kwa zaka khumi.

Njira ya Tennessee ndi Ohio ndi yanzeru. Popanda ndondomeko, mphunzitsi wina amalola cimene mnzake m'cipinda coyandikana amalanga naco mwana, ndipo mwanayo sadziwa pamene pali malire. Ndondomeko yolembedwa imadziwitsa kholo, mwana ndi mphunzitsi cimodzimodzi. Kuwasiyira masukulu kulemba okha n'koyeneranso, pakuti zofunika kwa mwana wa giredi 3 n'zosiyana ndi za wophunzira wa ku yunivesite.

Komabe lamulo longofuna kuti pepala lilembedwe likhoza kukwaniritsidwa ndi pepala lililonse. Pali zinthu zitatu zimene opanga malamulo ayenera kuzichula okha.

Coyamba ndi cilungamo pa cilango. Aphunzitsi ambiri amadalira mapulogalamu amene amati amazindikira zolembedwa ndi makina. OpenAI yeniyeniyo inacotsa pulogalamu yake yotere mu July 2023 cifukwa inali kulakwitsa kwambiri. Caka comweco ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anapeza kuti mapulogalamuwa amanamizira kawirikawiri anthu amene Cingelezi si cinenero cawo cobadwa naco. Lamulo linene momveka kuti mwana asalangidwe pa umboni wa makina okha. Mphunzitsi amuitane, amufunse zimene analemba; wolemba yekha amatha kufotokoza.

Caciwiri ndi zinsinsi za ana. Zimene mwana amalemba m'pulogalamu, kuphatikizapo dzina lake ndi mavuto a kwawo, zimapita ku makompyuta a kampani. Lamulo la FERPA loteteza zolembedwa za ophunzira ku America ndi la mu 1974, makina otere asanakhaleko. Zigawo ziyenera kunena kuti zimenezi zisungidwe kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati kampani ingaphunzitsire nazo makina ake.

Cacitatu ndi ndalama zophunzitsira aphunzitsi. Sukulu yolemera idzalemba akatswiri. Yosauka idzakopera ndondomeko yacitsanzo n'kuitsekera m'kabati. Motero lamulo lofanana kwa onse lidzakulitsa mpata pakati pa ana a olemera ndi a osauka.

Nkhaniyi sili kutali nafe. Kucokera mu April 2024 Meta AI imapezeka pa WhatsApp muno mu Zambia, ndipo wophunzira aliyense wokhala ndi foni ndi bandulo akhoza kuifunsa mayankho a homuweki. Tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2021, koma silinena kuti mphunzitsi acite ciani akakayikira cimangirizo ca mwana.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Atsogoleri a sukulu ndi makoleji asadikire Nyumba ya Malamulo. Akhale pansi ndi aphunzitsi ndi makolo, agwirizane nchito zimene wophunzira angathandizidwe ndi AI, zimene ayenera kucita ndi mutu wake, ndi mmene woganiziridwa kubera angadzitetezere asanalangidwe. Kenako azilembe ndi kuziwerengera ophunzira onse teremu isanayambe.