Kodi Gitala Iimba Chifukwa cha Mtengo Wake?

Pa sukulu imene ndiyang'anira pali mnyamata wa Sitandade 7 amene anayamba kuimba ndi gitala yodzipangira yekha ya chitini cha mafuta, thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga. Atasunga ndalama za ganyu zaka ziwiri, anagula gitala yotsika mtengo pamsika. Tsiku lina mlendo wochokera m'tauni anaigwira, naseka, nati, “Mwana iwe, ichi n'chidole. Gitala yeniyeni ndi ya ndalama zambiri.” Kuyambira tsiku lomwelo mnyamatayo wapachika gitala yake pakhoma, pakuti manyazi amgwira. Abale anga, mawu a mlendo uja ndi olakwa, ndipo ndifuna kukusonyezani kulakwa kwake.

Poyamba tivomere choona. Gitala ya mtengo wapatali ili ndi ubwino wake. Thabwa la pamwamba, limene linjenjemera pamene nsambo zilira, likhala limodzi lathunthu, pamene magitala otsika mtengo apangidwa ndi timatabwa topyapyala tomata pamodzi. Thabwa lathunthu litulutsa mawu okoma ndi okhalitsa. Mmisiri wake atayanso masiku ambiri kusema ndi kuyesa, ndipo thukuta lake liyenera malipiro. Izi sindikana.

Koma taonani kumene ndalama zotsala zipita. Zina mulipira dzina la kampani lolembedwa kumutu kwa gitala. Zina mulipira zokongoletsa zonyezimira. Zina mulipira mitengo yosowa, monga rosewood wa ku Brazil, amene maiko anapangana kuletsa malonda ake mu 1992. Kodi dzina liimba? Kodi zonyezimira zikunga nsambo? Mmisiri wotchuka wa ku Spain, Antonio de Torres, amene magitala ambiri a lero atsata mapangidwe ake, anayesa nkhani imeneyi mu 1862. Anapanga gitala ya thabwa labwino pamwamba, koma kumbuyo ndi m'mbali anaika mapepala olimba omata. Gitalayo inaimba, ndipo isungidwa kufikira lero mu mzinda wa Barcelona. Ngati mapepala anakwanira m'manja mwa mmisiri wotere, tisanyengedwe kuti mtengo wosowa ndiwo mwini nyimbo.

Tsono tiyang'ane oimba eni ake. Magitala a Gallotone, opangidwa ku South Africa, anali a anthu wamba, a mtundu umene anthu obwera ku Joni anali kunyamula pamodzi ndi mabulangete. Gitala yotere ndiyo John Lennon wa gulu la Beatles anali kuimba ali mnyamata ku Liverpool mu 1957. Brian May wa gulu la Queen analibe ndalama zogulira gitala imene anaifuna. Mu 1963 iye ndi atate wake anayamba kusema yawo, natenga thabwa lakale la pamalo osonkhapo moto m'nyumba ndi tizitsulo ta njinga yamoto. Gitala yomweyo waimba nayo pamaso pa makamu a anthu zaka zoposa 50.

Kwathu kuno umboni suchepa. Allan Namoko, ngakhale anali wosaona, anavinitsa dziko ndi banjo yopangidwa pamudzi. Anyamata awiri a Madalitso Band, amene anali kuimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ya nsambo zinayi ndi babatoni wodzipangira, anakaimba pa msonkhano waukulu wa nyimbo wa Glastonbury ku England mu 2025. Akadamvera mawu onga a mlendo uja, akadakhala chete mpaka lero.

Palinso china chimene ogulitsa sanena. Thabwa lathunthu limva nyengo. M'chilimwe cha Okotobala liuma, lingathe kung'aluka. M'dzinja limwa chinyontho ndi kutupa. Timatabwa tomata tija tipirira koposa. Munthu wokhala m'nyumba ya udzu, woyenda ndi gitala panjinga kupita kukwaya, adzapeza kuti yotsika mtengo imtumikira mokhulupirika, pamene yapatali ifuna kuleredwa ngati khanda.

Musandimve molakwa, sindinena kuti gitala iliyonse yotsika mtengo ndi yabwino. Zilipo zina zopakidwa utoto wowala zimene zili chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gitala yoipa ipweteka zala ndi kugwetsa ulesi wophunzira. Koma kuipa kwake sikudziwika ndi pepala la mtengo. Kudziwika ndi maso, makutu ndi zala. Chifukwa chake pogula chitani izi:

1. Yang'anani khosi la gitala kuchokera kumutu monga mmisiri ayang'anira thabwa. Likhale lowongoka.

2. Onani kutalika kwa nsambo pamwamba pa khosi. Zikatalikira kwambiri, zala zidzatopa msanga.

3. Lizani nsambo imodzi osaigwira, ndipo muilizenso mutaipanikiza pa kachitsulo ka 12. Liwu likhale lomwelo, koma lokwera. Likasiyana, gitalayo idzasokoneza nyimbo masiku onse.

4. Kungani nsambo zonse, muimbe kanthawi, ndipo mumve ngati zikhomo zake zagwira kapena zamasuka.

5. Onani pamene nsambo zimangidwa pa thabwa la pamwamba, kuti pasakhale pomatuka.

Gitala yopambana mayeso asanu awa ndi gitala yeniyeni, ngakhale mtengo wake ukhale wochepa. Muiveke nsambo zatsopano, ndipo idzakudabwitsani. Munthu amene waimba zaka zambiri, amene nyimbo zimdyetsa, angathe kugula yapatali, pakuti makutu ake adziwa chimene alipira. Koma bambo wogulitsa mbuzi ndi chimanga cha ana kuti anthu amtame ndi dzina la gitala, ameneyo wagula ulemu wa tsiku limodzi ndi njala ya chaka chonse.

Inu akulu, samalani pakamwa panu pamaso pa ana ophunzira. Makolo anati ukaipa dziwa nyimbo. Sanati dziwa sitolo. Mawa ndidzapita kwa mnyamata uja, ndipo tidzayesa gitala yake pamodzi ndi mayeso asanu aja. Ikapambana, adzaimba pamaso pa sukulu yonse Lachisanu.