Mafuta a emu ni mafuta cabe, si mankhwala

Mphepo ya June na July ikafika, khungu limatuwa, milomo imang'ambika, ndipo ogulitsa pa WhatsApp na Facebook amauka. Masiku ano ambili akuimba nyimbo ya mafuta a emu. Akuti kabotolo kamodzi kamacotsa ziphuphu, zipsela, mizele ya pamimba, cipele, ngakhale kuwawa kwa mawondo a ambuya. Ife tikana. Cinthu cimodzi sicingapoletse matenda onse, ndipo wokamba zimenezo afuna ndalama zanu.

Emu ni mbalame ya ku Australia. Siuluka, ndipo pa kutalika imapambanidwa na nthiwatiwa cabe. Kuti apeze mafutawo amaipha, n'kusungunula mafuta a pamsana pake na kuwasefa. Anthu a mtundu wa Aboriginal anali kuwadzola kuyambila kale, ndipo pamenepo palibe bodza. Mafutawa ali na oleic acid wambili, amene alinso m'mafuta a olive na a nshawa. Ndiye cifukwa cake amafewetsa khungu louma na kulithandiza kusunga madzi. Ubwino wake weniweni ni umenewo, ndipo sitiutsutsa.

Koma nchito imeneyo glycerine, Vaseline na shea butter amaigwila pa mtengo wocepa. Kuno kwathu tili na mafuta a mungongo a ku Western Province na a mlambe, amene amafewetsa khungu popanda kupha mbalame ya kutsidya la nyanja. Zakuti mafuta a emu amacepetsa kutupa zinaoneka maka-maka poyesa pa makoswe, ndipo kafuku-fuku pa anthu akali wocepa. Bungwe la FDA ku America silinawavomeleze kukhala mankhwala a matenda alionse.

Cimene citiwawa si ndalama cabe. Cipele cimabwela na fangasi, ndipo cimafuna mankhwala monga clotrimazole. Mwana akadzozedwa mafuta mwezi wathunthu, cipele cimakula na kuyambukila azing'ono ake. Cilonda cosapola cingakhale cizindikilo ca shuga. Mlungu uliwonse umene munthu ayembekezela kabotolo kucita cozizwitsa, matenda amapita patsogolo.

Cinanso, kabotolo kopanda dzina la kampani, kopanda tsiku lothela nchito, mudziwa bwanji zili mkati? Emu yeniyeni siiyeletsa khungu. Ngati "mafuta a emu" akuyeletsani m'milungu iwili, ndiye kuti anasakanizamo zina, mwina steroid monga clobetasol, mwina hydroquinone. Steroid ukaidzola nthawi yaitali khungu limapyapyala, mizele imatuluka, ziphuphu zimaculuka. Mizele imene munafuna kucotsa ndiyo mumagula.

Ena adzati, "Mnzanga anadzola ndipo akuwala." Inde, khungu louma likalandila mafuta alionse limawala. Funsani ngati cipsela cinacoka.

Ngati mufuna kuwagula ndipo thumba lilola, gulani okhala na lebo yoonetsa wopanga na zosakaniza, ndipo yambani mwayesa pang'ono pamkono. Koma khungu likayamba kuyabwa, kutuluka madzi kapena kusintha mtundu, pitani ku kiliniki kapena kwa pharmacist. Wogulitsa akakuuzani kuti mafuta ake amapoletsa matenda, m'funseni ngati analembetsedwa ku ZAMRA. Akayamba kuzungulila, bwezani ndalama m'thumba.