Moto wa nkhuni suwotcha ziwengo

Loweruka lina kumapeto kwa mwezi, titatseka pulogalamu ya madzulo pa wailesi, tinasonkherana tindalama anthu anayi kuti tikalawe pizza ya pa nkhuni pamalo ena odyera mu tauni ya Chipata. Dzina la malowo tilisunga, chifukwa zomwe tinaona kumeneko zingachitike pena paliponse.

Chakudya chinali chabwino, tisaname. Uvuni wa njerwa unali poonekera, nkhuni zikuyaka mbali imodzi, mnyamata akutembenuza pizza ndi chitsulo chachitali. M'mphepete munali motukumuka ndi timadontho takuda ta moto, pansi pouma bwino, tchizi atasungunuka koma osapserera. Ku Naples, kwawo kwa pizza, uvuni wotere umatentha kupitirira madigiri 400 ndipo pizza imapsa pa mphindi imodzi ndi theka basi. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika luso la ophika pizza a kumeneko m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Kuona mnyamata wakwathu akuligwira bwino lusoli kunatisangalatsa.

Vuto linabwera pa msuzi wobiriwira umene amathira pamwamba, uja amati pesto. Mmodzi wa ife nshawa zimamuwenga kuyambira ali mwana. Akangolawa chiponde pang'ono, milomo imatupa, pakhosi pamayamba kuthina. Iye anafunsa mwaulemu: "Asisi, kodi mu msuziwu muli nshawa?" Mtsikana woperekera zakudya anamwetulira nati, "Musade nkhawa achimwene, moto wathu ndi waukali, umapha zonse."

Sanayankhe mwachipongwe, ndipo sitikumuimba mlandu. Ananena zimene ambiri a ife timakhulupirira. Tinakula tikuuzidwa kuti chakudya chikapsa bwino ndiye kuti chilibe vuto, ndipo pa nkhani ya tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba zimenezo n'zoona. Koma ziwengo si tizilombo. Chimene chimawenga munthu ndi mapuloteni a m'chakudyacho, amene thupi lake limawatenga ngati mdani. Mapuloteni a mu nshawa sawonongeka ndi kutentha kwa uvuni. Nshawa yokazinga imawenga ngati yaiwisi yomwe.

Tinapempha kuti akafunse kukhitchini. Atabwerako anati inde, wophika amasinja nshawa mu pesto, chifukwa njere zimene amaikamo ku Italy ndi zodula komanso zosowa kuno. Nzeru imeneyi ndi yabwino ndithu, ndipo ife atatu enafe tinaukonda msuziwo. Koma pa menyu sipanalembedwe chilichonse. Mnzathu akanakhutira ndi yankho loyamba lija, usiku umenewo tikanauthera kuchipatala.

Chifukwa chake tikuti malo odyera kuno kwathu ayambe kunena zoona zake za zimene zili m'chakudya. Ife a kuno Kum'mawa tiyenera kutsogola pa zimenezi, chifukwa ndife eni nshawa. Mtundu wa Chalimbana ndi wodziwika dziko lonse, akatswiri a pa Msekera akhala akufufuza mbewuyi kwa zaka zambiri, ndipo chiponde cha COMACO chopangidwa kuno chimagulitsidwa mpaka m'masitolo a ku Lusaka. Timatendera chiwawa, timatendera rape, timathira nsinjiro m'phala. Munthu amene nshawa zimamuwenga amadziwa kuzipewa kunyumba, chifukwa ndiwo zotendera zimaoneka ndi maso. Pa pizza, pa keke, pa msuzi wa dzina lachilendo, maso sangamuthandize. Amadalira mawu a amene akumupatsa mbale.

Ena anena kuti izi ndi nkhawa za azungu, kuti makolo athu ankadya zonse osafunsa. Komatu mawu akuti ziwengo si obwereka, ndi athu. Tonse tikudziwa wina amene sadya nkhumba kapena kapenta chifukwa amatuluka zidzolo. Chimene tinazolowera ndi kumuseka munthu wotere kuti ngwamatama, mwina kunong'ona kuti anam'dyetsa. Manyazi amenewa ndi amene amachititsa wachinyamata kukhala chete pamaso pa anzake, n'kudya chimene akudziwa kuti chimupweteka.

Ngakhale kwa azunguko anaphunzira mochedwa. Mu 2016 mtsikana wa zaka 15 wa ku Britain, Natasha Ednan-Laperouse, anamwalira atadya buledi amene anagula pa bwalo la ndege la Heathrow. M'buledimo munali chitowe, chimene chinkamuwenga, koma papepala lokulungira sanalembepo. Makolo ake anamenya nkhondo mpaka mu October 2021 pamene lamulo lotchedwa Natasha's Law linayamba kugwira ntchito, lokakamiza ogulitsa kulemba zonse zimene zili m'chakudya chokulungiratu. Ife tili ndi lamulo la Food Safety Act la 2019, ndipo a zaumoyo a khonsolo amayendera malo odyera. Koma sitiyenera kudikira maliro kuti tiyambe kulemba mizere iwiri pa menyu.

Eni malo odyera angadandaule kuti zimenezi ndi ndalama. Ndalama zingati? Pepala limodzi lomata pakhoma lonena kuti chakuti chili ndi nshawa, chakuti chili ndi mazira, mkaka, tirigu, nsomba kapena soya. Mpeni wodulira pizza utsukidwe usanakhudze ya munthu amene wachenjeza, chifukwa kachidutswa kochepa kotsalira pa mpeni kapena pathabwa n'kokwanira kumudwalitsa. Ndipo woperekera zakudya aphunzitsidwe kuti yankho lakuti "sindikudziwa, ndikafunse" si lochititsa manyazi. Ndi yankho labwino kuposa kulimbitsa munthu mtima ndi bodza. Makasitomala akuchuluka, makamaka chitsegulireni chipata chatsopano cha Mwami ndi Mchinji mu December 2022, ndipo mlendo amene wayankhidwa bwino amabweranso ndi anzake.

Nafenso odya tili ndi mbali yathu. Ngati china chimakuwengani, nenani musanaitanitse chakudya, osati chitafika patebulo. Tchulani dzina lake momveka, ndipo nenani kuti mumadwala nacho, osangoti simuchikonda. Ngati mnzanu wanena, mulekeni nthabwala.

Tidziwenso zizindikiro zoopsa. Munthu akadya n'kuyamba kutupa milomo kapena lilime, mawu kusasa, kupuma movutikira, kusanza, zidzolo thupi lonse kapena chizungulire, musataye nthawi ndi kumupatsa mkaka kapena kumugoneka kuti zimutha. Piriton amachepetsa kuyabwa koma satsegula pakhosi pamene pakutsekeka. Mankhwala opulumutsa ndi jekeseni ya adrenaline, ndipo ntchito yanu ndi kumufikitsa msanga kuchipatala chapafupi, kaya ndi ku Chipata Central, ku Mwami kapena ku kiliniki. Ngati akukomoka, agone chagada miyendo ili m'mwamba. Ngati vuto ndi kupuma, akhale tsonga. Asayende yekha.

Usiku uja mnzathu anadya pizza ya tomato ndi tchizi yokha, yodulidwa ndi mpeni wina umene wophika anatsuka ife tikuona. Potuluka tinauza mwini malo, mwaulemu, kuti alembe za nshawa pa menyu. Anavomera. Mwezi wamawa tidzapitanso, chifukwa pizza yawo ndi yokoma, ndipo chinthu choyamba chimene tidzawerenge ndi menyuyo.