Jakisoni wa pakhosi asabwere yekha ku Chigwa cha Shire

Ndikugwirizana ndi amene akuti zipatala za Chikwawa ndi Nsanje zizichita opaleshoni ya phewa pobaya jakisoni wochititsa dzanzi mitsempha ya pakhosi, m'malo mogoneka wodwala. Mankhwala amalowa ochepa, wodwala amachira msanga. Koma nkhawa ndili nayo.

Pafupi ndi mitsempha imeneyi pamadutsa mtsempha wa phrenic, umene umayendetsa mnofu wopumira wa pansi pa mapapo. Mankhwala akaufika, mbali imodzi ya mnofuwo imaima kwa maola angapo. Munthu wathanzi amapirira. Koma kwa amene mapapo ake anawonongeka ndi TB, okosijeni m'magazi akhoza kutsika, ndipo woyamba kuvutika ndi ubongo, umene umadya pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni wa thupi lonse.

Tisaiwale Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga Kapichira: makina opanga okosijeni sagwira popanda magetsi. Choncho jakisoniyu abwere limodzi ndi pulse oximeter pachala ndi masilinda odzadza. Anzanga a zaumoyo, mukatumizidwa kumeneko, musabaye musanaone ziwirizi.