MFUTI YA CHIPOLOPOLO CHIMODZI: MLENDO AKAPHONYA, AMALIPIRA NDANI?

TETE - Chaka chilichonse mvula ikakata, misasa ya alenje achilendo imatsegulidwa m'maboma a Mágoè, Zumbo ndi Marávia m'chigawo cha Tete, ndiponso m'madera ena a nkhalango ya Niassa. Alendowa amachokera ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa, ndipo amalipira ndalama zambiri kuti aphe njati, njovu, mvuu kapena kambuku ndi chilolezo cha boma. Ambiri amabwera ndi mfuti zolowa zipolopolo zitatu kapena zinayi. Koma alipo ena amene amasankha dala mfuti yolowa chipolopolo chimodzi chokha. Anthu a m'midzi yoyandikana ndi misasayi ayenera kuidziwa mfuti imeneyi, popeza ana awo ndiwo amalondola mapazi a nyama kutsogolo kwa mlendo, ndipo minda yawo ndiyo imalandira nyama yolasidwa.

Mfuti yotere siyachilendo kwa alenje. M'chaka cha 1872, John Farquharson wa ku Scotland adalembetsa kapangidwe ka mfuti imene kumbuyo kwa mpaipi wake kuli chitsulo chotsekera. Mlenje akakankhira pansi chogwirira chimene chili kunsi kwa mfuti, chitsulo chija chimatsika, chikhokhombe cha chipolopolo chimatuluka, ndipo iye amalowetsa chipolopolo china ndi dzanja n'kutsekanso. Frederick Selous, mlenje wa ku Mangalande amene adatchuka m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, ankakonda mfuti ya mtunduwu yopangidwa ndi George Gibbs wa ku Bristol. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya Ruger ya ku America idatulutsa mfuti yotchedwa Ruger No. 1 potsata nzeru yomweyo, ndipo imeneyi ndiyo yodziwika kwambiri pakati pa alenje a masiku ano.

Okonda mfutiyi ali ndi zifukwa zomveka. Poti ilibe malo osungira zipolopolo zina, imakhala yaifupi ndi masentimita ngati 10 kusiyana ndi inzake ya mpaipi wofanana, motero siikola msanga m'zitsamba ndi m'bango. Chitsulo chake chotsekera n'cholimba, chimapirira zipolopolo zikuluzikulu monga .375 chimene kampani ya Holland & Holland ya ku London idatulutsa mu 1912, chomwe m'mayiko ambiri a mu Africa chimatengedwa ngati chochepetsetsa chowombera njati ndi njovu. Wamanzere ndi wamanja onse amaigwira mofanana. Zitsulo zoyenda mkati mwake n'zochepa, choncho fumbi ndi mchenga sizimaivuta kawirikawiri.

Koma chifukwa chachikulu chili mumtima mwa mlenje. Munthu wodziwa kuti ali ndi chipolopolo chimodzi sawombera mwaphuma. Amayandikira, amaona kumene mphepo ikulowera, amadikira nyama itembenuke bwino, ndipo ngati mpata sunapezeke amabwerera kumsasa osawomba. Akatswiri a mfutiyi amaphunzira kupanira chipolopolo chachiwiri pakati pa zala kapena kuchisomeka m'kalamba ka pamkono, kuti alowetse maso ali pa nyama. Wozolowera amachita zimenezi m'kanthawi kochepa. Wosazolowera, njati ikadzuka n'kumuyang'ana, zala zimanjenjemera ndipo chipolopolo chimagwera mu udzu.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudzira anthu a kumudzi. Mlendo salowa m'tchire yekha. Pambali pake pamayenda mlenje wotsogolera amene ali ndi chilolezo cha ntchitoyo, atanyamula mfuti ya mipaipi iwiri kapena ya zipolopolo zingapo, wokonzeka kumaliza nyama ikatembenuka. Kunena zoona, chipolopolo cha mlendo ndi chimodzi koma zomuteteza ndi zambiri. Amene amakhala patsogolo, maso ali pansi kufunafuna dontho la magazi, ndi wolondola mapazi, ndipo kawirikawiri alibe mfuti. Njati yolasidwa imabisala m'chitsamba chowirira n'kudikira oitsata, ndipo woyamba kukumana nayo ndi iyeyo.

Mwambo wa m'misasa ya ulenje ndi woti nyama ikalasidwa n'kuthawa, mlendo amailipira ngati kuti waipha. Ndalama zimalowa, bukhu limatsekedwa, mlendo amakwera ndege. Koma nyamayo sithera m'bukhu. Njati kapena njovu yokhala ndi bala siyenda mtunda wautali kufuna chakudya. Imakhala pafupi ndi madzi ndi madimba, pamene amayi amatunga ndi pamene anyamata amamwetsa ng'ombe, ndipo imakhala yolusa kuposa kale.

Sikungakhale kulungama kuloza chala alendo okha. M'midzi ya m'malire muno mfuti ya chipolopolo chimodzi ilimo kuyambira kalekale. Ndi gogodela, imene Apwitikizi ankaitcha canhangulo. Mwini wake amathira wonga kukamwa kwa mpaipi, amatsendera nsanza, amaika mtovu kapena zidutswa za chitsulo, n'kutsenderanso. Akawomba kamodzi, nyama imakhala itapita kapena itafika pa iye asanathirenso wonga. Selous yemweyo adayamba ulenje wa njovu mu 1872 ndi mfuti zothira kukamwa, ndipo tsiku lina imodzi itathiridwa wonga kawiri mosadziwa, idamugwetsa pansi n'kumuvulaza kumaso. Iye anali ndi anthu omunyamulira mfuti yachiwiri yothira kale. Mlimi amene akutchingira chimanga chake usiku alibe wina kumbuyo kwake.

Gogodela ikawombedwa pa njovu, kawirikawiri siipha. Zitsulo zimatsalira m'mnofu, bala limanyeka, ndipo njovu imene idangobwera kudzadya mapira imasanduka yothamangitsa anthu. Mipaipi yosulidwa kumudzi imaphulikanso, n'kudula zala kapena kuthudzula maso. Walira mvula walira matope: amene afuna kuthamangitsa njovu ndi wonga akhoza kuitanira mudzi wonse maliro.

Lamulo nalonso lidasintha. Pakati pa 2009 ndi 2014 dziko la Moçambique lidataya pafupifupi theka la njovu zake, kuchoka pa 20,000 kufika pa 10,300, ndipo zambiri zidafera ku Niassa. Zimenezi sizidachitike ndi gogodela ayi, koma ndi magulu a mfuti za nkhondo ndi mfuti zikuluzikulu za ulenje ofuna minyanga. Boma lidayankha ndi lamulo nambala 16 la 2014, ndipo mu 2017 lidaliwonjezera mphamvu ndi lamulo nambala 5, limene limapereka ukaidi wa zaka 12 mpaka 16 kwa wopha nyama yotetezedwa popanda chilolezo. Lamuloli silifunsa kuti mfuti inali yogula kusitolo kapena yosula pansi pa mtengo. Mlendo wa mfuti ya chipolopolo chimodzi amapita kwawo ndi nyanga za njati, pamene mlimi wa mfuti ya chipolopolo chimodzi akhoza kukalamba m'ndende. Kusiyana kwawo ndi pepala.

Komabe anthu a kumudzi sali opanda mawu pa ulenjewu. Pulogalamu ya Tchuma Tchato, kutanthauza chuma chathu, idayamba mu 1994 ku Bawa m'boma la Mágoè, ndipo idakhazikitsa mfundo yoti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za ulenje lizibwerera kwa eni dera. Mu 2005 boma lidalamulanso kuti 20 pa 100 ya misonkho ya nkhalango ndi nyama za m'tchire izipita kwa anthu okhala kumene chumacho chachokera. Makomiti a m'midzi amene amalandira ndalamazi akhala akukangana makamaka za kuchuluka kwake ndi kuchedwa kwake. Mkangano umenewo ndi woyenera, koma suthetsa nkhani ya nyama yolasidwa.

Pamisonkhano ya makomiti ndi eni misasa, mafumu ali ndi mafunso atatu oyenera kufunsa nyengo ya ulenje isanayambe. Loyamba, nyama ikalasidwa n'kusowa, ndani adzadziwitsa mfumu ndi alonda a nkhalango tsiku lomwelo, kuti anthu asapite kumadimba osadziwa? Lachiwiri, nyamayo idzatsatidwa masiku angati, ndipo ndi udindo wa yani kuimaliza mlendo atachoka? Lachitatu, wolondola mapazi akavulala kapena kufa, banja lake lidzalandira chiyani, ndipo zimenezo zalembedwa pati?

Mfuti ya chipolopolo chimodzi ili ndi phunziro labwino, loti munthu asawombe asanatsimikize. M'manja mwa katswiri imapha msanga, mwina koposa mfuti ya munthu wodalira kuchuluka kwa zipolopolo. Palibe chifukwa choiletsera. Chofunika n'chakuti amene wasankha kudziyesa luso ndi chipolopolo chimodzi asasiye ngongole ya kuphonya kwake kwa mnyamata woyenda patsogolo pake, kapena kwa mayi wopita kukatunga madzi m'mamawa. Ndipo amene ali ndi gogodela kudenga ayenera kudziwa kuti njovu ikalowa m'munda, njira yosavulaza ndi yosamangitsa ndiyo kukanena kwa mfumu ndi kwa akuluakulu a boma, ndipo iwowo ali ndi udindo wobwera msanga, chimanga chisanathe.