PAKHOMO PATHU: Kabawi ndi Anapiye Athu

Makolo athu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Mau amenewa atikhudze ife oweta nkhuku za kumudzi. Mwezi wa Ogasiti ukafika, kabawi wa mlomo wacikasu amabwerera kuno kucokera ku maiko a kumpoto kwathu, ndipo amakhala nafe mpaka kumapeto kwa dzinja. Amafika pa nthawi imene thengo lapsa ndipo udzu watha, kotero kuti mwanapiye woyenda pabwalo amaonekera patali.

Thadzi limafungatira mazira masiku 21. Nkomvetsa cisoni kuti khama lonselo lithere m'zikhadabo za kabawi, mphamba kapena khwangwala, pamene nkhuku yomweyo ndiyo ikanakhala ndiwo ya mlendo, kapena mtengo wa yunifomu ndi makope a mwana wa sukulu.

Coyamba, tisalole anapiye kuyendayenda pa masabata anai kapena asanu ndi limodzi oyambirira, pakuti ndi pamene ali osavuta kunyamula. Tiwasunge pamodzi ndi make m'kakhola koluka ndi nsungwi kapena bango, kotseka pamwamba, ndipo tizikasuntha tsiku ndi tsiku kuti apeze nthaka yoyera. Tiwapatse gaga, ciswe, masamba odula bwino ndi madzi m'mbale yosazama, kuopa kuti angamire.

Caciwiri, tiganizire za bwalo lathu. Kabawi amaona cakudya ali m'mwamba, natsika mwaliwiro pamalo poyera. Bwalo losesedwa mbee, lopanda citsamba ngakhale cimodzi, limamuthandiza. Tisiyeko zitsamba, tibzale nthoci ndi cinangwa pafupi, kapena timange tizisakasa tatifupi, kuti tambala akacenjeza, anapiye apeze pothawira. Cakudya tiziwathirira pansi pa nkhokwe kapena pamthunzi wa mtengo. Matumbo a nkhuku ndi zotsala za nsomba tizikwirira, cifukwa zikatayidwa poyera zimazoloweza mbalamezi kubwera pakhomo.

Ena amapaka anapiye mankhwala ofiirira a GV poganiza kuti kabawi sawazindikira. Amene acita zimenezi asaleke kumanga khola, pakuti utoto umatha nthenga zatsopano zikamera.

Cacitatu, tipewe poizoni. Nyambo yothira mankhwala siisankha. Imapha agalu ndi miimba, ndipo mwana wamng'ono angathe kuitola. Lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limaletsa kupha zamoyo za m'thengo ndi poizoni. Tikumbukirenso kuti mbalame zomwezi zimadya makoswe ndi dzombe zimene zimaononga cimanga cathu. Tikazitha, nkhokwe zathu ndizo zidzalipira.

Conco tisadikire kuti thadzi liyambe laswa. Likangoyamba kufungatira, atate adule nsungwi, ana athandize kuluka, ndipo pofika tsiku la 21 khola likhale litatha.